Mimba ya Singano ndi Khomo la Ng'anjo

Ana anga, inu ndi adzukulu anga mumandiona m'mawa ndikunyamula zitsulo pansi pa mtengo wa mango, mumandionanso ndikukankhira zitumbuwa kumbali n'kutenga mazira, ndiye mumayesa ndinabadwa choncho. Ayi ndithu. Ndinali wowonda, ndinadzanenepa mpaka kuchititsa manyazi kampani yonse, kenako ndinawondanso ndi thukuta langa. Tsopano poti ndapuma pa ntchito ndipo dzanja likadagwirabe cholembera, ndati nkhaniyi ndikulembereni ndekha, chifukwa amayi anu akamaifotokoza amachulutsa mchere. Zaubwana ndizilumpha. Ingodziwani kuti agogo anu anachokera ku Malawi kudzacheka matabwa kuno ku Livingstone, ine n'kubadwira ku Maramba, pamalo pomwe pano.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970: fakitale ya matabwa

Ntchito yanga yoyamba sindinaipeze ndi mapepala a sukulu. Ndinaipeza ndi chiuno. Tinali chigulu cha anyamata pageti la fakitale ya matabwa, aliyense atapanira setifiketi yake m'khwapa, pomwe anatulukira kapitawo wa boyila, ba Lungu, munthu wamfupi wa ndevu zowauka mbali imodzi. Sanafunse dzina la munthu. Anangotiyendera ngati akusankha mbuzi pamsika, n'kuima pa ine. "Iwe, tembenuka." Ndinatembenuka. "Uyu ni singano. Bwela." Dzina lija linandikanirira mpaka lero. Ku Maramba mukafunsa a Fanuel Mbewe anthu adzakanda m'mutu, koma mukati ba Singano, ngakhale wogulitsa makala adzakulozerani geti lathu.

Poti ena a inu boyila simunaionepo, ndifotokoze. Ndi chithanki chachitsulo chowiritsira madzi kuti nthunzi iyendetse makina, ndipo chili ndi ng'anjo yosonkhamo moto. Ng'anjoyo khomo lake ndi limodzi lokha, loumbika ngati dzira, loponyerapo nkhuni kapena malasha. Nthawi ndi nthawi moto amauzimitsa, ng'anjo n'kuisiya izizire, ndipo munthu amalowa pakhomo lomwelo, miyendo patsogolo, atatenga nyundo ndi nyale. M'katimo amagogoda mabawuti ogwira makoma, limodzilimodzi, khutu lili tcheru. Bawuti labwino limalira ngati belu, lothyoka limayankha ngati mphika wong'aluka. Ukaliphonya lothyokalo n'kusonkha moto, tsiku lina boyila idzaphulika ndi anthu omwe. Imeneyo ndiyo inali ntchito yanga, ndipo ndinaikonda kuyambira tsiku loyamba, ngakhale ndinkatulukamo ndili bii, mano okha mbee.

Ba Lungu anali ndi pakamwa poipa, kutukwana kwawo kunkamveka mpaka kunjanji, koma anandiphunzitsa lamulo limodzi lomwe silinalembedwe paliponse. Munthu akamalowa m'ng'anjo amavula chipewa chake n'kupatsa mnzake. Mnzakeyo amaima pakhomo atachigwira, osachoka, ngakhale bwana wamkulu amuitane. Chipewa chikadali m'manja mwa wina, palibe woyatsa machesi pafupi ndi boyila. Mwini wake akatuluka ndiye amachilandira yekha. Wondigwirira ine anali Mubita, munthu wa mtundu wa Chilozi, wamtali, wosalankhulalankhula, amene nthawi yopuma ankapita kuseri kwa shedi kukanyamula mawilo akale a ngolo. Ife tinkamuseka kuti kodi ntchito ya kampani yamuchepera. Iye ankangopukuta thukuta n'kunena kuti, "Muzaniona mukakalamba."

Zaka zotsatira zinali za mizere. Mzere wa ufa, mzere wa sopo, mzere wa mafuta ophikira, mwina ukafika kutsogolo n'kumva kuti zatha. Kuwonda masiku amenewo sikunali luso ayi. M'nyengo yomweyo ndinakwatira amayi anu, Esnati, mwana wa anthu a ku Chipata, amene ankagulitsa tomato mumsika wa Maramba. Tsiku loyamba kundiona nditavula malaya anagwira pakamwa. "Mayo ine, nthiti zonse pamtunda! Anthu adzati ndimakumanani chakudya. Ndipatseni nthawi, a Mbewe, ndikukonzani." Ndinaseka, osadziwa kuti munthuyu akalonjeza chinthu amachichitadi. Iwe Tiya, mwana wathu woyamba, unabadwa ine ndikadali fupa lokhalokha, ndipo amayi ako ankati mwana akundiposa masaya.

Zaka za m'ma 1990: hotela ya ku Nakatindi

Mafakitale a m'tauni muno atayamba kutseka limodzilimodzi, yathu nayo inazima moto. Ine ndi Mubita tinabalalika, aliyense kukasaka zake. Ndinakhala nthawi ndithu ndikuwotcherera mageti a anthu, mpaka ndinapeza malo pa hotela ina cha ku msewu wa Nakatindi, kuyang'anira boyila ya kochapira zovala. Boyila imeneyo inali yamakono, ya dizilo, yosalowamo munthu. Ntchito yonse inali kuyang'ana geji, kawotchi koonetsa mphamvu ya nthunzi, nditakhala pampando. Tsoka lake, kapena ndinene mwayi wake, chipinda changa chinagundizana ndi khitchini, ndipo wophika wamkulu anali mayi wa mtima wabwino mopyola muyeso, wosafuna kutaya chilichonse chotsala kwa alendo. "Ba Singano, tandizani, ivi vizaonongeka," ankatero akundisunthira thireyi pawindo. Ine munthu wa mtima wachifundo ndinkathandizadi. M'mawa mabanzi ndi tiyi wa shuga woti sipuni iime, masana mpunga ndi tchipisi, chakumadzulo makeke ophwanyika m'mbali. Ndikafika kunyumba nsima ya amayi anu ikundidikira, ndipo imeneyo sukanayerekeza kuibweza.

Mimba inabwera mwaulemu, osagogoda. Kunena zoona ndinasangalala nayo. Makondakitala a minibasi anayamba kunditchula ba bosi n'kumandipatsa mpando wakutsogolo. Kutchalitchi anandisankha kukhala wolandira alendo pakhomo, ati ndili ndi thupi la udindo. Amayi anu ankayenda nane mumsika pang'onopang'ono dala, akuuza anzawo kuti, "Mukuwaona awa? Ntchito ya manja anga imeneyi." Dzina lokha ndi limene linasanduka nthabwala, Singano wodzaza khomo la minibasi. Koma m'mtima ndinkasowa kanthu kena. Nthawi zina ndinkapezeka ndikugogoda mapaipi a hotela ndi sipanala popanda chifukwa, kungofuna kumva kulira kwa chitsulo.

Nditapitirira zaka makumi asanu: sitima ya alendo

Loweruka lina Mubita anatulukira pageti pathu, imvi zili mbuu koma thupi lomwe lija, louma gwa ngati thabwa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Ba Singano, iyi mimba ni yanu olo mwabweleka?" Anabwera ndi uthenga wochokera kumene ankagwira ntchito. Kampani ina inadzutsa injini yakale ya malasha kuti izikoka ngolo za alendo, kupita nawo cha ku mathithi akudya chakudya chamadzulo, ndipo inkasowa munthu wodziwa kugogoda ng'anjo. Mtima wanga unalumpha ngati wa mwana. Mpando wa pahotela ndinautsanzika mwezi womwewo, wophika uja n'kundilongedzera mabanzi a panjira ngati ndikupita kunkhondo.

Bwana wathu kumeneko anali ba Mutinta, mayi wa Chitonga, injiniya, wachilungamo koma wosaseka ndi munthu pa nkhani ya chitetezo. Zosowa zinali zambiri. Zipangizo za injini yokalamba chonchija kulibe sitolo yogulitsa, tinkachita kusula tokha, ndipo malasha abwino ankabwera mwa apo ndi apo. Koma ikati yaliza wezulo, ana n'kuthamangira kunjanji akukuwa, ndinkamva ngati ndabwerera pa unyamata. Zaka zoyamba ndinkalowabe m'ng'anjo mwa njira yanga. Ndinkatulutsa mpweya wonse, kukokera mimba m'kati, Mubita n'kundikankha pamapewa mpaka ndagwera. Iye ankangopukusa mutu, chipewa changa chili m'manja.

Tsiku la tsoka linali la mu Okutobala, dzuwa la kuno lija loti ngakhale abuluzi amabisala. Ng'anjo inali isanazizire bwinobwino koma ndinaumirira. Kulowa ndinalowa. Ndinagogoda mabawuti anga onse, thukuta lili kamukamu. Pomwe ndimati ndituluke, manja anatuluka, mutu unatuluka, mapewa anatuluka, mimba inati ine ndatsala. Thupi likatenthedwa limafufuma, zimenezo ndinkazidziwa kuyambira kwa ba Lungu, koma ndinkayesa ndi za ena. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Chitsulo chinayamba kundidya m'nthiti, mpweya n'kumabwera wa pang'onopang'ono. Poyamba anzanga anaseka, koma ataona maso anga kuseka kunathera panjira. Mubita analuma chipewa changa ndi mano kuti asachitule pansi, anang'amba ovolosi yanga ndi mpeni, n'kundikhuthulira oyilo wa injini thupi lonse. Anandikoka amuna atatu. Ndinatuluka ngati mwana wa ng'ombe akubadwa, ndili ndi kabudula wam'kati yekha, pamaso pa ba Mutinta ndi atsikana operekera zakudya amene anabwera kudzayala matebulo. Kalanga ine! Ndisanafike kunyumba nkhani inali itazungulira kale msika wonse wa Maramba.

M'mawa mwake ba Mutinta anandiitana mu ofesi. "Ba Mbewe, nimakulemekezani maningi, koma siningalole muntu afele mu injini yanga. Kuli malo ku sitolo ya zipangizo. Muzankala pa mpando, vonse vanu vizankala chimozimozi, mpaka mukapume. Koma ngati mufuna ng'anjo, injini izaima mu nthawi ya mvula kuti tiikonze. Mvula ikasila, mungene na kuchoka mweka. Kulibe wokukankhani, kulibe oyilo. Mukakangiwa, nkhani yasila." Anandipatsa mpaka Lolemba kuti ndiganize.

Amayi anu anali atandisankhira kale. "Tengani mpando, atate ake Tiya. Mukufuna ndikhale wamasiye chifukwa cha dzenje la malasha?" Analira, ndipo kulira kwawo kunali ndi chifukwa. Ine ndinazunguzika masiku onsewo. Mpando unali wabwino, mawondo anga ankaufuna. Koma ndikaganiza zodzapuma pa ntchito ndili wosanja mabawuti pashelefu, munthu amene nkhani yake yomaliza ndi yotuluka m'ng'anjo atapakidwa oyilo ngati nsomba yokazinga, mtima unkandiwawa koopsa. Ndinkafuna kulandiranso chipewa changa ndi manja anga, ndili chilili, ovolosi ili pathupi. Lolemba ndinakauza ba Mutinta kuti ndasankha ng'anjo. Amayi anu sanandilankhule mpaka Lachitatu.

Dzinja lomwelo: mkombero pa mango

Kuti ndizidziyesa ndili pakhomo, Mubita anati andisulira mkombero wachitsulo wolingana ndi khomo la ng'anjo. Anachedwa nawo ndithu, ati anachita kuusula kawiri. Ataubweretsa tinaumangirira ndi mawaya pakati pa thunthu la mango ndi mzati, choimirira ngati khomo lenileni. Ndinauyang'ana n'kunena kuti ukuoneka wochepa. "Ni mimba yanu ikulu," anayankha Mubita akuyang'ana kumbali. Kuyesa koyamba ndinathera pansi pa nthiti.

Ndinayamba ndi nzeru zanga zanga. Ndinati chonenepetsa munthu ndi mafuta, ndiye ndinasiya nyama, mazira, nsomba, nsinjiro, chilichonse chonona. Ndinatsala ndi nsima ya masamba owiritsa, buledi wosapaka ndi tiyi wanga wa shuga uja. Poti ndiwo zinali zosagwira m'mimba, njala inkandipota, ine n'kumawonjezera mitanda, pamwamba pake maheu. Mwezi usanathe mikono inawonda, nyundo inayamba kulemera, koma mimba ili pomwepo ikundiyang'ana. Tsiku lina ndinachita chizungulire kushedi, Mubita n'kunditengera kukiliniki osandifunsa.

Namwino wake, mayi wachikulire wa magalasi, anandiyeza magazi n'kunena kuti shuga wayamba kukwera. Nditamufotokozera kadyedwe kanga monyadira, anavula magalasi aja. "Ba tate, mwapitikitsa mlonda, mwasunga kawalala mu nyumba." Kawalala kuno ndiye wakuba. Anandiuza kuti kwa thupi langa zofunika kuchepetsa kwambiri ndi nsima, buledi, mpunga, zitumbuwa, maheu ndi shuga, ndipo ndiwo zonse ndinazithamangitsa zija zibwerere: mazira, kapenta, nkhuku, masamba ochuluka otendera. Anatinso munthu akangochepetsa chakudya minofu ili khale, thupi limayamba kudya minofu yomweyo, ndiye ndizinyamula zolemera, kuyambira zopepuka, n'kumabwera kudzayezetsa. Tikutuluka Mubita anakhosomola pang'ono. "Ninakuuzani kudala. Muzaniona mukakalamba."

Pa mulu wa zotayidwa kushedi panali mabuleki akutha a ngolo za sitima. Ba Mutinta anatilola kutenga, Mubita n'kuwawotcherera kunsonga za mapaipi, ena opepuka ena olemera. Ankabwera m'mawa tisanapite kuntchito, lero kunyamula, mawa kupuma. Kunyonyomala n'kudzuka chitsulo chili pamapewa, kuchinyamula kuchokera pansi msana utawongoka, kuchikankha m'mwamba nditagona chagada pabenchi. Sabata yoyamba ndinkatsika pabedi ngati nkhalamba ya ndodo ziwiri, ndipo kukhala pachimbudzi inali nkhondo payokha. Ndinamutukwana Mubita m'Chichewa, n'kuwonjezera ndi Chilozi chochepa chomwe ndinkadziwa, iye osatekeseka, akungoti ndibwereze. "Futi. Msana uongoke. Futi." Mutu unkawawa chifukwa chosowa shuga, kutulo ndinkalota mabanzi a kuhotela akundiitana dzina. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Lamba anayamba kufuna bowo latsopano, ndipo nyundo inapepukanso.

Nkhondo yaikulu inali m'nyumba. Inu a masiku ano mwina simungamvetse. Kwa amayi anu, mwamuna wobweza nsima ya mkazi wake ndiye kuti wakhuta kwina, ndipo kwinako si kulesitilanti. Zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanabwezepo mbale. Tsopano ndinkadya ndiwo zokha, mitanda n'kubwerera kukhitchini yosakhudzidwa, m'mawa ndili pa zitsulo kukonza thupi ngati mnyamata wofuna mbeta. Anzawo a mumsika nawo anasonkhezera. Ndinafotokoza za namwino, koma anangondiyang'ana cham'mbali. "Namwino ameneyo ali ndi dzina? Ali ndi mwamuna?" Ine m'malo mowakhazika pansi ndinapsa mtima n'kutuluka panja, zinthu n'kuipiraipira.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi anaitanitsa ankhoswe athu, malume awo a Tembo, ine osadziwa. Anandipeza ndili pakati poyesa mkombero, mutu ndi manja mbali ino, miyendo mbali iyo, mimba yagwidwa, ndikupalasa m'mwamba ngati chule. Mkulu uja anaima ndi ndodo yake, anandiyang'ana ine, anayang'ana amayi anu, kenako anayamba kuseka mpaka kukhala pansi padothi ndi suti yake ya kutchalitchi. "Esnati, mwana wanga, ine milandu ya mabanja ndaweruza yambiri. Mwamuna wa chibwenzi sapachikika pamango dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona. Uyu chibwenzi chake n'chitsulo. Kam'masule kaye, mlandu tiukambe ali ndi miyendo pansi."

Amayi anu anaseka nawo misozi ili m'masaya, ndipo ndi amene anandikoka miyendo. Sabata yomweyo anapita nane kukiliniki kukamuona namwino uja ndi maso awo. Atapeza kuti ndi gogo wa imvi kuposa zawo, anacheza naye ngati pachibale, ine n'kundiiwala pabenchi. Pobwera anali atalanda ulamuliro wonse. "Amene anakunenepetsani ndine, ndiye wokuwondetsani akhalanso ine ndemwe. Wina asalowererepo." Kuyambira pamenepo mbale yanga inasintha: chibwabwa chotendera, therere, impwa, kapenta wa tomato, nsomba yowamba, mapeyala, ndi mabisi, mkaka wosasa uja, wochokera kwa mnzawo wa Chitonga, wopanda shuga. Nsima inatsala ya Lamlungu lokha, kamtanda kamodzi konga dzira, ndipo ankakaumba mosamala n'kukaika patsogolo panga ndi manja awiri. Ndikuuzani ana inu, moyo wanga wonse sindinadyepo bwino ngati miyezi imeneyo. Ankathanso kutuluka m'mawa ndi tsache lawo n'kumamuthandiza Mubita kukalipa: "Msana, atate ake Tiya, msana!"

Mvula inayamba kutsanzika. Mimba inaphwa, mikono inalimba, namwino anati shuga akubwerera m'malo. Ena mumsewu ankanong'onezana kuti ba Singano akudwala, mpaka tsiku lomwe anandiona nditanyamulira mayi wina thumba la makala paphewa limodzi kuchokera pamsika. Koma mkombero unkakanabe. Ndinkafika m'chiuno n'kugwidwa, pang'ono pokha, mwina zala ziwiri. Lamlungu lomaliza ndinayesa mobwerezabwereza mpaka khungu kusupuka, osatheka. Ndinakhala pabenchi mutu uli pansi, ndikuona mpando wa kusitolo uja ukundikodola. Amayi anu anandibweretsera madzi akumwa. "Mawa pitani basi," anatero. "Mukakanika, mukakanike pamaso pa injini, osati pamaso pa mango." Ndinadabwa kuti munthu amene ankalira uja ndi amene akundikankha lero.

Mvula itatha: tsiku loyesedwa

Kushedi kunadzaza anthu, ngakhale atsikana operekera zakudya aja, amene analibe ntchito iliyonse m'mawa umenewo. Ba Mutinta anaima pafupi ndi injini atapinda manja pachifuwa. Ndinakwera, ndinavula chipewa n'kupatsa Mubita. Ndinalowetsa miyendo, ndinatulutsa mpweya ngati kale, ndikudikira kuti chitsulo chindigwire m'chiuno monga dzulo. Sichinandigwire. Ndinangoti pholo m'kati, mpaka kugwa chogwada chifukwa ndinadzikankha ndi mphamvu zosafunika. Ndinakhala kaye mumdimamo ndikununkhiza mwaye, ndipo sindibisa, ndinalira ndi chimwemwe. Kenako ndinayatsa nyale n'kuyamba kugogoda. Sindinafulumire dala. Ndinafuna thupi litenthedwe, lifufume mmene lingathere, kuti pasadzapezeke wonena kuti ndinathamangira kutuluka.

Potuluka ndinatsogoza manja, mutu, mapewa, zotsalazo n'kungotsatira popanda mlandu. Ndinaimirira ndekha, ovolosi ili yathunthu. Eee, phokoso lake! Amuna kumenya zitsulo ndi masipanala, atsikana aja nthungululu, ndipo ba Mutinta, amene mano awo tinali tisanawaonepo, anaseka n'kundigwira chanza ndi manja awiri. "Ba Singano, mwabwela," anatero. Aka kanali koyamba kunditchula dzina limenelo.

Mubita anandipatsa chipewa changa. Nditachivala ndinamukokera pambali. "Iwe, mkombero uja unayeza bwanji? Dzulo lomweli unandikana." Anayang'ana kudenga, anayang'ana nsapato zake. "Kafunseni ba mulamu. Ine ninangotumiwa chabe."

Kunyumba ndinawapeza amayi anu akusadzula chibwabwa pansi pa mango ngati sakudziwa kanthu, chikhalirecho nkhani inali itawafika kale. Ndinaloza mkombero. Sanakane. Anati tsiku lomwe anamva kuti Mubita akusula chinthucho, anafunditsa tomato wawo mumsika, anakwera minibasi mpaka kwa Mubita, n'kumuuza kuti auchepetse ndi zala ziwiri, apo ayi asadzapondenso pakhomo pathu. N'chifukwa chake anausula kawiri. Ha! Ndinati ndikalipe. Miyezi yonse ija, khungu langa losupuka, manyazi pamaso pa a Tembo, chisoni cha dzulo! Iwo anangopitiriza kusadzula.

"Atate ake Tiya, inu mtima wanu wonse unali pa kulowa. Tsiku lija kulowa munalowa bwinobwino. Ine ndinkafuna munthu wotuluka, ngakhale atafufuma ndi kutentha, n'kubwera kunyumba ndi miyendo yake."

Ndinakhala pansi pambali pawo n'kuyamba kuwathandiza kusadzula, ngakhale anati ndikuwononga ndiwo.

M'ng'anjo imeneyo ndinalowamo ndi kutulukamo zaka zina zingapo mpaka ndinapuma, osapakidwanso oyilo. Zitsulo sindinazisiye, Mubita akubwerabe m'mawa kudzandikalipira, ndipo kamtanda ka Lamlungu kakadali konga dzira. Mkombero uja ndi womwe mukuuona pamango, musadzaugulitse kwa ogula zitsulo zakutha. Sunandigonjetse mpaka kalekale ayi. Nyengo yozizira ya chaka chomwecho, Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, ndinati ndiuyesenso. Panalibe Mubita, panalibe bwana. Ndinavula chipewa n'kuyang'ana poti ndichikoleke, koma amayi anu anali atatambasula kale dzanja. Anaima pambali pa mkombero atachigwira, mphika ukupserera kukhitchini iwo osasuntha, mpaka ndinatulukira mbali inayo n'kuchilandira.